Ukafikira kwa Ndani?

Daisy, care worker wa ku Romford, anali ndi train ya 4 koloko pa St Pancras, kuyamba backpacking ya five weeks: mapiri a ku Switzerland, ma lake a ku Italy, kukathera kuminda ya mphesa. Koma pasipoti yake itadindidwa visa, courier anakaisiya ku Thamesmead kwa Anti Callista, nurse amene wakhala zaka twenty mu London muno, ndipo pofika 12 koloko inali m'thumba la dressing gown, dzanja la anti lili pamwamba pake.

"Anti, sindikhalitsa. Pasipoti yokha, ndithamangire bus."

"Khala pansi. Sungalankhule ndi ine utasenza nyumba kumsana."

"Si nyumba, ndi backpack. Nine kilos ndendende, ndayeza kanayi."

"Muli chani?"

"Tenti, sleeping bag, ka stove, ma T-shirt atatu. Mswachi ndaudula chogwirira kuti upepuke."

Anti anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. "Akuchotsa ntchito?"

"Ndili pa annual leave."

"Landlord wakuthamangitsa?"

"Ndi holiday, Anti."

"Holiday yogona m'tenti. M'tenti mumagona anthu amene nyumba zawo zapita ndi madzi. Iwe wasunga leave chaka chonse kuti ukawatsanzire?"

"Ndikukakwera mapiri."

"Oo, mapemphero. Bwanji osanena? Mukasala masiku angati?"

"Si mapemphero. Kungokwera."

"Pamwambapo pali chani?"

"View."

"Ukaiona ukatani?"

"Ndikatsika."

"Kenako?"

"Kukwera lina."

"Loyambalo likhala litakulakwira chani?"

Daisy anatula chikwama pa carpet, n'kupuma mozama ngati amene akuyankha relative wovuta pa foni. "Ndikachoka kumapiri ndikupita ku ma lake. Madzi ake a blue, Anti, ngati aika filter."

"Nsomba zake ndi zanji?"

"Sindikukagula nsomba."

"Kuchapa?"

"Kungoona."

Anti anasolola khosi kuloza pa windo. "Thames uyo. Waulere. Ndamuona tsiku lililonse zaka twelve, sanandisangalatsepo."

"Week yomaliza ndi wine country."

"Ganyu?"

"Tasting. Amakuthirira pang'ono, umazunguza glass, kununkhiza, kulawa, kenako kulavula."

"Chifukwa ndi woipa?"

"Ayi, ndi wabwino kwambiri."

"Ndiye woipa ndi amene mumameza?"

"Anti."

"Ndikungofunsa. Ku ward kwathu munthu akamalavula chakumwa timamulembera referral." Anti anakhala pa sofa, n'kupinda manja. "Chabwino. Zonsezo ndamva. Ukafikira kwa ndani?"

"Ma hostel, masiku ena camping."

"Sindinafunse bedi, ndafunsa munthu. Akukuchingamira ndani pa station?"

"Palibe. That's the whole point. Ndikufuna malo oti palibe ondidziwa. Palibe woti Daisy, bell ya room six. Palibe woti Daisy, cover shift ya mnzako. Ndekha."

"Wekha."

"Ndekha."

"Iwe utatsika pa Heathrow unapeza ndani? Ine, ndili ndi jekete m'manja. Ine nditatsika ndinapeza mai a mpingo, Mulungu awasunge, ndi flask ya tiyi. Munthu sapita kopanda womulandira. Mai ako akaimba Sunday ndiwauze chani? Kuti mwana ali paphiri, akulavula?"

"Pasipotiyo ndi yanga."

"Ndi yako. Thumba ndi langa."

Daisy anasuzumira foni. 12:40. Bus, kenako Elizabeth line, kenako check-in. 

"Okay. Alipo. Ndinangoiwala kunena."

"Ndani?"

"Anti Maureen."

"Maureen uti?"

"Mmalawi, amakhala ku Italy. Nyumba ili pa lake penipeni, mapiri kuseri, mphesa kumbali. Ndizingochokera kwawoko."

"Kwawo n'kuti?"

"Ntcheu."

"Ntcheu pati?"

"Cha kumsewu."

"Ntcheu yonse ili cha kumsewu."

"Iwowo cha kumsewu kwambiri."

"Ali pabanja?"

"Eya. Ndi bambo… Reinford."

"Ana?"

"Awiri."

"Mpingo?"

"Onse. Sasankha."

Nkhope ya anti inawala. "Waona? Nkhani ndi imeneyi, osati zolavulazo." Anadzuka, kulowa kukitchen. Kunamveka kukoka kabati. Anabwera atakumbatira thumba, n'kuligwetsa pafupi ndi backpack.

"Ichi n'chani?"

"Kilombero. Sungalowe m'nyumba ya munthu chimanjamanja."

"Five kilos, Anti? Ndinadula mswachi kuti ndipulumutse ma gram eight."

"Unalakwitsa. Mswachi si mphatso."

"Anthu ake amadya pasta."

"Ndiye chifukwa chake." Anti anabwereranso, ulendo uno ndi chigoba cha ice cream chomata selotepu. "Usipa. Anabwera nawo mlamu last month, ndimasungira Christmas, koma Maureen akuvutika kuposa ine."

"Pa border akandigwira."

"Ukawauza kuti ndi wa Maureen."

"Simulowa zonsezi. Chikwama chadzadza."

Anti anagwada, kumasula malamba a backpack ndi luso la munthu wozolowera kuvula odwala. Anasolola tenti, n'kuiponya kuseri kwa sofa.

"Anti, tenti yanga."

"Ya chani? Ukagona kwa Maureen."

"Masiku ena ndizikagona kuphiri."

"Nyumba ilipo, iwe n'kukagona panja? Ukufuna anthu a ku Italy anene kuti Maureen amathamangitsa alendo?" Sleeping bag inatsatira tenti. Kenako anti ananyamula ka stove ndi zala ziwiri. "Ndipo ichi ndiye mwano. Kupita kwa mai wa banja lake utatenga mbaula yako. Ukumuuza kuti saphika?"

"Ndi ya coffee."

"Maureen ali ndi ketulo. Ana ake ndi amisinkhu yanji?"

"Akuluakulu. Safuna kanthu."

"Palibe mwana wosafuna kanthu. Tenga ma jumper awa, anali a mwana wanga Junior. Chitenje ichi ndi cha Maureen. Reinford amavala collar size yanji?"

"Savala shati."

"Bambo wa banja?"

"Kumatentha."

"Wati kuli mapiri, si a snow?"

"Amavala polo neck."

Anti anaganiza pang'ono, n'kuika masokosi. Daisy anayesa kunyamula chikwama, chinangoti njii pansi ngati chamera mizu. 1:05.

"Okay, zikomo, adzasangalala kwambiri. Pasipoti."

Anti anaitulutsa theka. Kakona kake kanaoneka. Daisy anatambasula dzanja.

"Ndipatse kaye number yake ndimuthokoze."

"Alibe WhatsApp."

"Mmalawi?"

"Kumapiriko network imavuta."

"Nanga iwe munagwirizana bwanji?"

"Email."

"Ndipatse email."

"Sakuwerenga pano. Akudwala."

Pasipoti inabwerera m'thumba. Anti anavala magalasi. "Akudwala chani?"

"BP."

"Ikufika pa zingati?"

"190 over 110."

"Akumwa chani?"

"Amlodipine."

"Ndi amene ndikumwa ine, ndipo foni ndimayankha."

"Yawoyo inapitirira. Stroke. Sakulankhula."

"Ii, Ambuye. Liti?"

"Lachiwiri."

"Munthu wagwa stroke Lachiwiri, iwe ukundiuza za view? Ndipatse Reinford."

"Ali pambali pa bedi. Anazimitsa foni."

"Chipatala chake? Ndiimba pa switchboard."

"Amalankhula Chitaliyana."

"Nurse ndi nurse. Komanso tili ndi mtsikana wa ku Italy pa ward, lero ali off, andimasulira. Dzina la chipatala, Daisy."

Anti anali atatsegula kale keypad, chala chili m'mwamba. Daisy anayang'ana foni yake. Pa screen panali app ya bus basi, ikunena kuti yotsatira ifika in nine minutes. Anagwira pakamwa.

"Anti. Message."

"Yoti chani?"

"Amwalira."

 Anti anatsitsa foni.

"Watumiza ndani, poti Reinford wazimitsa foni?"

"Neighbour."

Anti anakhala pansi pang'onopang'ono, osati pa sofa, pa carpet, miyendo tambalale. "Mayo ine. Maureen. Kufera kwa eni, chitenje osachiona n'komwe."

"Eya, zachisoni kwambiri." Daisy anayamba kusolola thumba la mpunga mwaulemu. "Ndiye izi zitsale, palibe wozilandira. Ine ndingopita mwakachetechete, ndi tenti yanga, ndikawakumbukire paphiri. Ndi zimene akanafuna."

"Bweza."

"Anti?"

"Bweza mpungawo. Pamaliro ndi pamene mpunga umafunika. Tenganso shuga m'kabatimo, ndi masamba a tiyi, anthu ogona pasiwa amwa chani? Wine wolavulayo?"

"Ku Italy sagona pasiwa."

"Ku Italy sagona. Ku Ntcheu amagona." Anti anamanga duku, kutsokomola kawiri kuti mawu akhale bwino, n'kukanikiza foni.

"Mukutani?"

"Shh. Abale ndi alongo, pepani ndakusokonezani ndi uthenga wachisoni. Tataya mnzathu, Mai Maureen a ku Ntcheu, cha kumsewu, amene amakhala ku Italy. Anagwa stroke Lachiwiri, atisiya masana ano. Asiya bambo Reinford ndi ana awiri. Anali mai wosasankha mpingo. Zambiri ndikuuzani." Anachotsa chala. Foni inati pyuu.

"Mwatumiza kuti?"

"Pa group ya Prayer and Welfare."

"Muli anthu angati?"

"Two hundred and forty-three."

"Delete for everyone, Anti. Pompano."

"Amva kale anthu thirty-one."

"Anthu amenewa sali pa shift?"

"Ali pa break."

Foni inayamba kunjenjemera pa carpet ngati ikufuna kuthawa. Ma emoji olira, makandulo, RIP, wina gone too soon, wina kufunsa ngati thupi likupita kumudzi, wina kufunsa ngati nyumba ya pa lake ija ndi ya rent kapena yogula.

"Anti, tandimverani. Ndikuuzeni zoona."

"Lira kaye, mwana wanga, usazisunge m'mimba."

"Maureen ndangomupeka. Pompano, pa carpet pano. Reinford ndamupeka, ana ndawapeka, stroke ndapeka. Ndimafuna pasipoti basi."

Anti anamusisita paphewa. "Ku training anatiphunzitsa. Stage yoyamba ndi denial."

"Si denial. Munthuyo sanabadwe."

"Wapeka bwanji munthu amene a Shadrick anakula naye?"

"A Shadrick ati?"

"A ku Lewisham. Oyendetsa mwambo aja. Chifikireni ku UK sanaphonyepo maliro, Leeds, Glasgow, mpaka Belfast pa ferry. Tamvera."

Anti anakweza volume. Munamveka mawu a bambo wachikulire, akusisima pakati pa sentence iliyonse. Ankati Maureen anali msuweni wawo weniweni, mai ake ndi bambo awo bere limodzi. Ankati ankaimba alto. Ankati anali ndi kampata pamano, ndipo anawaimbira mwezi watha kudandaula mutu, iwo n'kumuuza kuti apite kuchipatala, koma Maureen kusamva kuyambira ali mwana.

"Akunama," anatero Daisy.

"Bambo a zaka sixty-four, a suti zitatu zakuda, anamire chani?"

"Dzinalo ndalitenga pa kalendala yanuyo. Apo, Maureen, hair appointment, Lachisanu."

"Ameneyo ndi Maureen wina, ali moyo, usamuphe. Mmodzi wakwana lero." Foni inaliranso. Anti anaiyandikiza kumaso, n'kuitembenuzira kwa Daisy. Panali chithunzi cha mai wonenepa bwino, duku ya blue, ataima pafupi ndi galimoto ya eni. "Atumiza Mai Paterson a pa group. Uyu si iyeyu?"

"Sindikumudziwa."

"Apa anali asanadwale."

"Anti, number plate ndi ya ku Joni."

"Anadutsira ku Joni. Ambiri timadutsira kumeneko."

"Mundipatse foni ndiwauze ndekha."

Anti anaibisa kumbuyo. "Ukawauze chani? Kuti Callista, nurse wamkulu wa Band 6, mlembi wa amai, analengeza maliro a mphepo? Anthu asiya kale ma shift. Kwaya yayamba kusankha nyimbo. Mai Paterson akuti akomoka pang'ono ku staff room."

"Akomokera munthu wa pa Google."

"Chisoni sichifunsa kumene chithunzi chachokera." Anti anawerenga mwakachetechete, milomo ikuyenda. Kenako anagwedeza mutu. "Eya. Committee yagwirizana."

"Committee yapangidwa liti?"

"1:22. Akuti poti uli ndi visa ndi tikiti kale, Mulungu anakonzeratu. Ukaimira Amalawi a ku South East London. Ukawerenga uthenga wachipepeso, akulemba a chairman, ma page anayi. Saturday 2 koloko ukapanga video call uli pamanda, tonse tidzakhala mu hall."

"Saturday ndili paphiri. Ndinapanga book hut yogonamo miyezi six yapitayo."

"Phiri silithawa. Ukathandizanso kuphika masiku atatu. Ndipo amai ena akufunsa ngati uli pabanja."

"Zikukhudzana bwanji?"

"Reinford watsala yekha ndi ana awiri. Nyumba pa lake. Sakukakamiza, akungoti ukaone mmene zinthu zilili."

"Akundikwatitsa kwa munthu amene ndamupanga 12:40?"

"Osati pano. Pakapite chaka, tili ndi ulemu."

Anti anadzuka, kulowa kuchipinda, kubwera ndi siketi yakuda yofika m'mapazi ndi bulauzi yoyera. Anatulutsa ma T-shirt atatu aja m'chikwama, n'kulowetsa zimenezo. Anayang'ana nsapato za Daisy.

"Majombo awa pamaliro ayi."

"Ndi ma hiking boots. Ndawayenda miyezi iwiri kuti afewe."

"Ukaima nawo kumbuyo, camera isawaone." Kenako anapisa dzanja m'thumba la dressing gown, kutulutsa pasipoti yonse, n'kuipereka ndi manja awiri. "Nayi. Uyende bwino."

Daisy anaiyang'ana. Anailanda msanga, kuitsegula, visa ilimo, dzina lake, nkhope yake. Anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Mpunga akausiya pa bench ku Abbey Wood, tenti akagula ina, group akaiika pa mute mpaka Yesu adzabwere.

"Zikomo, Anti. Ndikaimira bwino."

"Ndikudziwa. A Shadrick akakuthandiza."

"Pa foni?"

"Pa train. Ali ndi pasipoti ya kuno, safuna visa. Agula tikiti, akufunsa coach yako ndi seat number kuti akasinthane ndi woyandikana nawe. Ndawatumizira."

"Mwaidziwa bwanji seat yanga?"

"Unanditumizira screenshot ya tikiti m'mawa, kundiopseza kuti ndifulumire."

"Akubwera mpaka kuti?"

"Mpaka kumanda. Ndi msuweni wawo. Akuti atenga leave ya five weeks, poti mwambo ukatha sangakusiye wekha mwana wamkazi kumayiko. Mapiriwo mukakwera limodzi, koma pang'onopang'ono, ali ndi bondo. Wine samwa, ndipo amene ali naye samwanso."

Daisy anaika pasipoti patebulo, n'kuikankha ndi chala kubwerera kwa anti. "Sungani. Sindikupita."

"Ukupita."

"Ndikadzipezera shift. Ndikayankha bell ya room six mpaka December."

"Anthu two hundred and forty-three akudikira Saturday. Mai ako ndawatumizira kale, akuti akunyadira." Anti anatenga pasipoti ija, kuilowetsa okha m'thumba la jekete ya Daisy, kukoka zipi mpaka kumapeto. Anamusenzetsa chikwama, mawondo a Daisy n'kupindika, n'kumutembenuzira kukhomo. "Bus in four minutes. A Shadrick ukawapeza pa St Pancras, pansi pa wotchi yaikulu, suti yakuda, nkhata ya maluwa m'manja. Sungawaphonye."

Daisy anagwira chitseko ndi manja onse awiri. "Anti, chonde, tamvani. Tikafika kumeneko, bambo amenewo atanyamula nkhata, hall yonse ili pa video, ndikawaonetsa manda ati?"

Anti anamuchotsa zala pachitseko chimodzichimodzi, mofatsa, ngati akuchotsa plaster.

"A Shadrick apeza msuweni m'ma minutes five. Iwe uli ndi twelve hours pa train, ungalephere kupeza manda?"